Magalamu 84 a Kuseri kwa Khoma

Otenga mbali ndi APHIRI, mphunzitsi wa sayansi wopuma pa ntchito, ndi ANABANDA, wogulitsa makala. Amachita lendi m'nyumba imodzi yogawa pakati ku Ndirande, ndipo khoma lowalekanitsa silifika ku malata.

(Ndi m'mawa wa mwezi wa June, kwagwa chiperoni. Kukumveka chitseko chikugogodwa mwaukali.)

ANABANDA: Odi kuno! Aphunzitsi, tulukani. Musanamizire tulo, wailesi yanu ndikuimva. Anakupatsani ndani udindo womenya khoma langa pakati pa usiku ngati mukuthamangitsa mfiti? Ana mpaka kudzidzimuka!

APHIRI: (chitseko chikutseguka) Mwadzuka bwanji, aNabanda?

ANABANDA: Moni wanuyo sungani.

APHIRI: Ndafunsa ndi cholinga, mayi. Mutu sukuwawa?

ANABANDA: Ukuwawa, ndipo wauwawitsa ndinu.

APHIRI: Khoma ndinamenya chifukwa ndinamva mbaula ikulowa. Miyendo yake ikamakhula simenti ndimaidziwa. Kenaka ndinamva zenera likutsekedwa, n'kumvanso mukutsendera chisanza kunsi kwa chitseko. Khomali silifika ku malata, ndiye chimene mwapuma inu ndapumanso ine.

ANABANDA: Mbaulayo inayamba yakhala panja mpaka utsi wonse utatha. Ndi mwana uti wa mu Ndirande muno amene sadziwa kuti choopsa ndi utsi? Makala anga ndi a tsanya, ochokera ku Neno. Akakolera amangoti psuu, osathetheka, osanunkha. Mwina mumawasokoneza ndi zinyenyeswa zimene mumagula kumsika mukandikwiyira.

APHIRI: Nkhani yonse yagona pamenepo, ndipo tcherani khutu ngakhale mwakwiya. Utsi umachenjeza. Umaluma m'maso, umatsokomoletsa, munthu n'kudzuka yekha kukatsegula chitseko. Chimene ndikudandaula nacho ine chilibe fungo, chilibe mtundu, sichitsokomoletsa, ndipo chimatuluka bwino lomwe pa nthawi imene mbaula ikuoneka yaulemu, itafiira popanda utsi. Mphuno singakuuzeni kuti chilipo, maso nawonso ayi. Angakuuzeni ndi masamu okha, masamu omwewa amene mwana wanu wamkulu akulimbana nawo pokonzekera mayeso a MSCE. Tiyeni tiyambire pa chimene mumachidziwa kuposa ine. Usiku mumathira makala ochuluka bwanji?

ANABANDA: Kajumbo kamodzi. Pa sikelo ndi theka la kilo, ndipo sikelo yanga siba.

APHIRI: Magalamu 500. Koma makala si kaboni yekhayekha. Muli chinyezi, muli phulusa, mulinso zotsalira za mtengo zimene sizinapse bwino mu uvuni. Makala abwino amakhala ndi kaboni pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Kuti masamu asatipinge, tinene kuti mu kajumbo kanu muli kaboni wa magalamu 360.

ANABANDA: Ndiye mukulengeza m'mawa uno, anthu akumva, kuti makala anga ndi osakaniza?

APHIRI: Ndikuwayamikira. Oipa safika n'komwe pamenepo. Tsono moto sugwira ntchito ndi magalamu, umagwira ndi chiwerengero. Kaboni amapsa atomu imodziimodzi, iliyonse ikugwirana ndi okosijeni wa mumpweya, ndiye kuti tidziwe chotulukapo tiyenera kuwerenga maatomuwo. Vuto n'lakuti ndi aang'ono kwambiri moti palibe angawawerenge ndi chala. Akatswiri a kemisitiri anachita zimene amachita ogulitsa mazira. Wopikula mazira sawerenga limodzilimodzi, amawerenga mathireyi, ndipo thireyi ndi mazira 30 kaya ndi a nkhuku kaya ndi a bakha. Chiwerengero n'chimodzi, chosiyana ndi kulemera. Thireyi ya akatswiriwa imatchedwa molo, kungoti iyo imanyamula 602 wotsatana ndi maziro 21. Molo imodzi ya kaboni imalemera magalamu 12. Okosijeni atomu yake ndi yolemererapo, molo imodzi magalamu 16, koma mumpweya amayenda awiriawiri, choncho molo ya okosijeni amene timapumayu ndi magalamu 32. Ubwino wake ndi wakuti ukangoika chinthu pa sikelo, wachiwerenga kale. Magalamu 360 tikagawa ndi 12 tipeza chiyani?

ANABANDA: 30. Musandiyese ngati wa Sitandade 2, ine ndimawerenga ndalama tsiku lonse.

APHIRI: Mamolo 30 a kaboni. Moto ukamapsa mokwanira, atomu iliyonse ya kaboni imatenga maatomu awiri a okosijeni n'kusanduka kaboni dayokisaidi, mpweya womwe uja timatulutsa popuma. Molo yake ndi 12 kuphatikiza 32, magalamu 44. Mamolo 30 a kaboni apereka mamolo 30 a mpweyawu. 30 kuchulukitsa ndi 44 ndi magalamu 1,320.

ANABANDA: Imani kaye. Ndathira theka la kilo.

APHIRI: Eya.

ANABANDA: Inu mukuti mwatuluka kilo yathunthu ndi nyenyeswa pamwamba. Aphunzitsi, kodi penshoni ikachedwa mutu umayamba kuchita chonchi? Makala amatha akamayaka. M'mawa ndimawola phulusa losadzaza n'chikhatho chomwe. Kapena mukuti zaka zonsezi ndakhala ndikugulitsa kilo pa mtengo wa theka?

APHIRI: Funso limenelo linazunguza anthu ophunzira kwa zaka zambiri, musachite nalo manyazi. Amene analimasula ndi Antoine Lavoisier wa ku Paris, yemwe ankawotcha zinthu m'mabotolo otseka n'kumayeza pa sikelo asanawotche ndi atawotcha. Anapeza kuti kulemera sikusintha ngakhale pang'ono, ndipo anazilemba m'buku lake la mu 1789. Chimene chimaoneka ngati chatha chimakhala changosintha maonekedwe n'kulowa mumpweya. Makala anu sanabereke ayi. Magalamu owonjezerawo achokera m'chipinda mwanu momwemo. Mamolo 30 a kaboni adya mamolo 30 a okosijeni, ndipo 30 kuchulukitsa ndi 32 ndi magalamu 960. Phatikizani 360 wa kaboni ndi 960 wa okosijeni, mupeza 1,320, osasowa ngakhale galamu. Ndiye mukamaona mbaula ikuphwa usiku, dziwani kuti katunduyo sanachoke m'nyumba. Mwamutsekera ndi chisanza chija, ndipo akulemera kuposa mmene analowera.

ANABANDA: Bambo ameneyo anathera kuti?

APHIRI: Anamudula mutu mu 1794, nthawi ya chipwirikiti cha ku France. Koma chifukwa chake sichinali sayansi, ankagwiranso ntchito yotolera misonkho.

ANABANDA: Mwaona mathero a anthu owerengera katundu wa anzawo?

APHIRI: Ndamva. Tsono zimenezo ndi za moto wopsa mokwanira, ndipo zikanathera pamenepo sindikanamenya khoma. Okosijeni akaperewera, atomu ya kaboni imangopeza mmodzi m'malo mwa awiri. Chotulukapo ndi kaboni monokisaidi, molo yake 12 kuphatikiza 16, magalamu 28. Kusiyana kwake ndi atomu imodzi yokha ya okosijeni, koma woyamba uja thupi limamudziwa ndipo limamutulutsa, pamene wachiwiriyu ndi poizoni.

ANABANDA: Akaperewera, mwatero. Aperewera bwanji m'chipinda chonse chija? Pajatu alandilodi anatiyezera pokweza lendi, mamita 3 uku, 3 uku, 2 ndi theka kupita m'mwamba. Werengani okosijeni wanuyo timve.

APHIRI: Ndi malita 22,500. Okosijeni ndi magawo 21 pa 100 a mpweya, choncho muli malita 4,725. Kuti tisandutse malita kukhala mamolo tithandizidwa ndi Amedeo Avogadro wa ku Turin, loya amene anatembenukira ku sayansi. Iye ananena mu 1811 kuti mipweya yosiyana, ikakhala pa kutentha kumodzi ndi kupanikizika kumodzi, malo ofanana amasunga chiwerengero chofanana. N'chifukwa chake molo ya mpweya wina uliwonse imatenga malita pafupifupi 24 m'nyumba wamba. 4,725 kugawa ndi 24 ndi mamolo pafupifupi 197.

ANABANDA: Nanga makala anga amafuna angati?

APHIRI: 30.

ANABANDA: (akuwomba m'manja) Aneba, tulukani mudzamve! Aphunzitsi adzikola ndi msampha wawo womwe! Alipo 197, ofunika 30, ndiye kuperewerako kuli pati? Bwezani tulo ta ana anga!

APHIRI: Mwawerenga bwino, ndipo anthu ambiri amalakwira pomwepo. Amaganiza kuti mbaula imapha pomaliza mpweya wa m'chipinda, ndiye amati chipinda chikakhala chachikulu palibe vuto. Masamu anuwa akusonyeza kuti okosijeni wa m'chipinda satha. Kuperewera kumachitikira m'kati mwa mulu wa makalawo, malo osaposa chikhatho changa. Mpweya umalowera kunsi, pa timabowo ta mbaula, ndipo makala a pansi amaudya wonse n'kupanga kaboni dayokisaidi. Ameneyu pokwera amadutsa pakati pa makala ofiira amene sanapeze okosijeni, ndipo kaboni wotentha kwambiri amamulanda atomu imodzi. Molo imodzi ya kaboni dayokisaidi ikakumana ndi molo imodzi ya kaboni wotero, pamatuluka mamolo awiri a kaboni monokisaidi. 44 kuphatikiza 12 ndi 56, ndipo 56 ndi 28 kawiri, sikelo ya Lavoisier ikugwirabe ntchito. Mukamakupiza mbaula panja mumaona timalawi ta buluu tikuvina pamwamba pa makala. Timeneto ndi kaboni monokisaidi akupsa, akulandira atomu yake yachiwiri asanathawe. Tsono inu usiku mumatani kuti moto ufike m'mawa?

ANABANDA: Ndimaukwirira ndi phulusa, monga amachitira munthu aliyense wodziwa mtengo wa makala.

APHIRI: Phulusalo limatseka timabowo, limazimitsa timalawi tija, koma makala m'kati akadali ofiira. Mwasiya chopangira poizoni chikugwira ntchito, n'kuzimitsa chokhacho chimene chimamuwotcha. Okosijeni wa mamolo 197 uja ali phee m'chipinda, sakufika pamene akufunika.

ANABANDA: Onse 30 asanduka poizoni?

APHIRI: Ayi, ndipo sindikufuna kukuopsezani ndi nambala yokokomeza. Tingoyerekeza kuti pa maatomu khumi alionse, asanu ndi anayi apsa bwinobwino, imodzi yokha ndiyo yaperewedwa. Mamolo 27 apereka kaboni dayokisaidi, 27 kuchulukitsa ndi 44, magalamu 1,188. Mamolo 3 apereka kaboni monokisaidi, 3 kuchulukitsa ndi 28, magalamu 84. Tiyese ngati sikelo ikuvomera. Oyamba aja adya mamolo 27 a okosijeni. Atatuwa adya molo imodzi ndi theka, popeza aliyense watenga atomu imodzi pa awiri oyenda limodzi aja. Onse pamodzi 28 ndi theka, kuchulukitsa ndi 32, magalamu 912. 360 kuphatikiza 912 ndi 1,272, ndipo 1,188 kuphatikiza 84 ndi 1,272 yemweyo. Taonani pamene pali nkhani. Moto wopsa mokwanira unadya magalamu 960 a okosijeni, uwu wadya 912. Kusiyana kwake ndi magalamu 48 okha pa usiku wonse. Palibe diso limene lingayang'ane mbaula n'kuona kuti yaperewedwa magalamu 48. Kufiira n'komweko, kufunda n'komweko.

ANABANDA: Magalamu 84. Aphunzitsi, mukundidzutsira ana chifukwa cha magalamu 84? Pa sikelo yanga muvi sugwedezeka n'komwe. Kasitomala ndimamuwonjezera oposa pamenepo ngati basera.

APHIRI: Asandutseni malita. Mamolo 3 kuchulukitsa ndi 24 ndi malita 72. M'chipinda cha malita 22,500, amenewo ndi magawo atatu ndi kanthu pa 1,000 alionse. Zikumvekabe zochepa, mpaka mutadziwa mmene magazi amachitira. M'magazi muli hemogulobini, chimene chimanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo ndi ku mtima. Hemogulobini amagwira kaboni monokisaidi mwamphamvu kuposa mmene amagwirira okosijeni, kuposa ka 200, ndipo akamugwira samutaya msanga. Ndiye werengani motere. Pa magawo 1,000 a mpweya, okosijeni ali ndi 210. Poizoniyu ali ndi atatu okha, koma aliyense akukoka ngati 200, ndiye kuti akukoka ndi mphamvu yoposa 600. Munthu akakhalitsa mu mpweya wotero, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a hemogulobini wake amagwidwa. Safika n'komwe pamenepo ali moyo. Theka lokha likagwidwa munthu amakomoka, ndipo kuti theka ligwidwe pamangofunika gawo limodzi pa 1,000, chifukwa 200 ndi 210 ndi pafupifupi zofanana. Amene anafufuza zimenezi mozama ndi John Scott Haldane wa ku Scotland. Mgodi wa malasha wa Tylorstown ku Wales utaphulika mu 1896, iye anayeza matupi a omwalira n'kupeza kuti ambiri sanafe ndi kuphulikako, anafa ndi mpweya umenewu pambuyo pake. Anafika podziyesera yekha, kupuma poizoniyu mwadala n'kumayeza magazi ake. Ndi iye analangiza kuti anthu a m'migodi azilowa ndi mbewa kapena timbalame, chifukwa tinyama tating'ono timagwa msanga munthu asanamve kanthu. Ku Britain anasiya kulowa ndi timbalameto mu 1986, atapeza makina oyezera.

ANABANDA: Azungu ndi mbalame zawo. Ine agogo anga kumudzi ankagona ndi moto m'nyumba moyo wawo wonse, ndipo anamwalira ndi ukalamba, mano onse ali m'kamwa. Makolo athu anali opusa?

APHIRI: Anali ochenjera, koma nyumba yawo ndi yanu si imodzi. Denga la udzu limapuma. Pakati pa khoma ndi denga pankakhala mpata kuzungulira nyumba yonse, chitseko chinali cha bango kapena matabwa osagwirana, ndipo mpweya wotentha unkakwera n'kutuluka usiku wonse. Komanso ankasonkha nkhuni, zimene zimayaka ndi malawi ndipo zimafuka, moti moto ukayamba kuvuta utsi unkawadzutsa. Inu muli m'nyumba ya njerwa yopaka simenti, ya malata, ya zenera la galasi, ndipo mukuwotha makala amene utsi wake unatsala ku uvuni ku Neno. Mwambo mwasunga, koma zonse zimene zinkauteteza mwazichotsa, n'kuwonjezerapo chisanza.

ANABANDA: Nanga ineyo? Chisanu chino si choyamba. Mukundiona ngati mzukwa?

APHIRI: Mwakhala mukupulumuka chifukwa cha umisiri woipa wa amene anamanga nyumba ino. Malita 72 aja satuluka nthawi imodzi, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo ena amathawira m'mipata ya malata. Masamu anga ndawerengera chipinda chotsekeka ndithu, pamenepo ndikuvomera. Koma onani kuti mpata wopulumukira ndi wochepa bwanji. Ngakhale magawo awiri mwa atatu atathawa, chotsala ndi gawo limodzi pa 1,000 lija. Zimangotengera usiku wopanda mphepo, kapena makala owonjezera pang'ono chifukwa kwazizira kwambiri, kapena chisanza chokhuthala kuposa cha dzulo. Ndipo thupi limakhala likunena kale. Litsipa la m'mawa, chizungulire, nseru, mwana kudzuka ali lefu, zonsezi anthu amathamangira kunena kuti ndi malungo. Chizindikiro chake n'chakuti nyumba yonse imadwala pamodzi, ndipo mukatuluka panja kumayamba kupepuka. Choipitsitsa n'chakuti munthu ali m'tulo samva chilichonse mwa zimenezi. Amangopitiriza kugona, ndipo ngakhale atadzidzimuka, miyendo imakhala yakana kale kumufikitsa pa chitseko.

ANABANDA: Koma mwaiwala chinthu chimodzi, inu odziwa zonse. Mwanena nokha kuti khomali silifika ku malata. Ndiye zipindazo ndi ziwiri, malita 45,000. Gawani.

APHIRI: Gawo limodzi ndi theka pa 1,000, kuposa pang'ono.

ANABANDA: Mwaona? Yatsika.

APHIRI: Yatsika kuchoka pa maliro a nyumba imodzi kufika pa maliro a nyumba ziwiri. Mwangondigawira theka la katundu amene sindinaitanitse.

ANABANDA: Kufundako mumalandira osadandaula. Komanso ine si wosasamala ngati mmene mukundionetsera. Pambali pa mbaula ndimaika beseni la madzi, amayamwa zoipa zonse. Ana ndimawagoneka pansi pa mphasa, mpweya woipa umakwera kumwamba.

APHIRI: Zonse ziwiri masamu omwewa akuzikana. Kaboni monokisaidi salowa m'madzi mwachisawawa. Lita imodzi ya madzi, ngakhale mutaiika mu mpweya wa poizoni yekhayekha, ingamwe mamiligalamu pafupifupi 30 okha. Kuti magalamu 84 alowe mungafunike malita pafupifupi 3,000, madiramu 15, ndipo pamenepo n'kuti zinthu zitayenda mokomera inu. Beseni lanu ntchito yake ndi yoti wina aligunde popita panja usiku. Za kugona pansizo, molo ya poizoniyu ndi magalamu 28, molo ya mpweya wamba ndi pafupifupi 29. Ndi zofanana kwambiri moti sakhala pamwamba kapena pansi. Amakwera pang'ono akadali wotentha, kenaka amasakanikirana ndi mpweya wonse, kuyambira ku malata mpaka pa mphasa. Ndipo ana amapuma mofulumira kuposa akulu, choncho amayamba kugwidwa ndi iwo.

ANABANDA: (mawu atsika pang'ono) Wina atapezeka atakomoka, si paja amamumwetsa mkaka?

APHIRI: Mkaka umapita m'mimba, poizoni ali m'magazi, ndipo munthu wokomoka mukamumwetsa chinthu mumutsamwitsa. Mutsegule chitseko ndi mazenera, mumutulutse panja, muthamangire naye kuchipatala. Pa mpweya wamba pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka lokha la poizoniyo lichoke m'magazi. Akamuika pa okosijeni wa kuchipatala, theka limachoka pa ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. N'chifukwa chake ngakhale munthu atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, ulendo wa kuchipatala usalephereke.

ANABANDA: (mawu akweranso) Ndakudziwani tsopano. Cholinga chanu n'choti anthu aziopa makala, bizinesi yanga igwe. Magetsi akathima mumabwera kwa yani, mutanyamula kapoto kanu ka nyemba?

APHIRI: Kwa inu, ndipo ndidzabwerabe. Makala alibe mlandu, pophikira pakhonde pamene mphepo ikudutsa poizoniyo amabalalika asanachuluke. Ndiponso ngati ndi nkhani ya ndalama, masamuwa ali mbali yanu. Molo ya kaboni ikapsa mokwanira imatulutsa kutentha kwa makilojulo 394. Ikathera pa kaboni monokisaidi imatulutsa pafupifupi 111, osafika n'komwe gawo limodzi mwa atatu. Atomu iliyonse imene yathawa ndi okosijeni mmodzi yathawa ndi kutentha kumene munalipira. Mukamakwirira moto ndi phulusa mumaona ngati mukusunga makala, pamene mukungowachedwetsa uku ena akutayika osafunditsa munthu. Wiritsani madzi panja, muthire m'chigubu cholimba, mukulunge ndi chitenje, muike kumapazi kwa ana. Kutentha kulowe m'nyumba, moto utsale panja, ndipo muuzimitse musanagone.

ANABANDA: Chigubu. Munthu wamkulu, wa satifiketi, mapeto a masamu onsewa ndi chigubu.

APHIRI: Ndi bulangete.

ANABANDA: Bulangete limagulidwa ndi ndalama, aphunzitsi, ndipo mwandikumbutsa bwino. Dikirani pomwepo. (mapazi, kenaka mapepala a kope akutembenuzidwa) Kuyambira mwezi wa April mwatenga majumbo 9 pa ngongole. Mwanena nokha kuti kajumbo kamodzi ndi mamolo 30.

APHIRI: Mayi, zimenezo ndi nkhani ina.

ANABANDA: 9 kuchulukitsa ndi 30 ndi mamolo 270. Kuchulukitsa ndi 44, mwatulutsa mpweya wa magalamu 11,880 ndi katundu wanga, pafupifupi makilo 12, osalipira ngakhale tambala.

APHIRI: Okosijeniyo sanali wanu.

ANABANDA: Munkaphikira pakhonde la yani? Mbaula ndiitulutsa, musadandaule, ndipo ndiziikoleza pansi pa chingwe chanu choyanikira malaya, poti mwati pamafunika mphepo. Koma pofika madzulo ndikufuna mabulangete awiri, kapena mtengo wa molo ndiutchula ine.

APHIRI: Penshoni sinalowe, aNabanda.

ANABANDA: Ndiye vulani jekete limenelo. Wamng'ono uja limukwana ngati bulangete.

(Kukumveka kulimbana, batani likugwa pa simenti, chitseko chikutsekedwa mwamphamvu.)

ANABANDA: Tsegulani! Ndi mkono umodzi wokha ndatenga!